Paipi ya M'dimba

Mlongo wanga, amene ankayendetsa thirakitala pa esiteti ina ku Madisi, anandichenjeza ndili mtsikana: "Chonunkha petulo chisamagone pafupi ndi fodya." Mawu ambiri a anthu ndimangowamvera m'khutu limodzi, koma amenewa ndinawasunga.

Matipate atangoyamba, mkamwini wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto yofiira. Ankati ili ndi tabo, kachipangizo kowonjezera mphamvu ya injini. Ankanyamula anthu kuchokera ku Mponela kupita ku Ntchisi, koma pazitunda inkatsamwa. Iye ati ikumva ludzu, kapaipi kachitsulo kopititsa petulo ku injini n'kakang'ono. Anakachotsa. Anadula paipi yanga yothirira ndiwo m'dimba, osapempha, n'kuimanga m'malo mwake ndi mphira za chubu cha njinga.

Masiku oyamba inkakweradi ngati mbuzi. Madzulo ankaiimika m'chigafa changa kuthawitsa mvula, pansi pa fodya amene ndinali nditapachika.

Ine ndimayang'ana zinthu. Tsiku lina ndinagwada n'kulowetsa dzanja pansi pake. Paipi ija inali itafewa ngati nthochi yakupsa, madontho akugwera pansi.

Koma kwathu mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Tikakumana panjira, wina amapatuka. Ndiye ndinaitana mwana wanga wamkazi.

"Iwe, kawauze amuna akowo kuti chigalimoto chawo chikukodza petulo m'chigafa mwanga."

Anapita. Sindidziwa kuti mawu anga anawafewetsa bwanji panjira. Mkamwiniyo anayankhira kuseri kwa nyumba, mokweza kuti ndimve: "Uwauze amayi kuti ino ndi matipate, aliyense ali ndi ufulu. Iwo adziwe za khasu."

"Umuuze kuti ufulu wakewo akauimike kwao," ndinatero.

Mwana wanga anangoseka. "Amayi, inunso simukhulupirira munthu."

Mkamwiniyo akanakhala mwana wobala ndekha ndikanamukoka khutu. Ndinaganiza zongomuyimirira pamaso, koma ndinaopa kuti mudzi unena kuti nkhalamba yapenga. Ndinasunga mwambo.

Loweruka masana anabwera injini ili moto, n'kulowetsa galimoto m'chigafa. Ndili pakhonde ndinamva phuu! Iye anatuluka akuthamanga, nsidze zitapserera. Fodya wouma sadikira madzi. Wa chaka chonse anatha anthu asanafike ndi ndowa.

Pamlandu akuluakulu anandifunsa ine: "Nanga poti munaona, bwanji simunanene?" Omwewo amene akanandiseka ndikanati ndinene!

Mkamwini anabwerera ku Joni. Mwana wanga anamutsatira, n'kundisiyira adzukulu. Atakula, nawonso anapita. Chigafa sindinamangenso, miyendo inayamba kukana.

Tsopano ndimakhala ndekha kumtunda kwa msewu wopita ku Kasakula, pamene pali mitengo iwiri yopserera ya chigafa chija. Mukamadutsa, tapatukani mudzaone ngati ndadzuka. Muyambe kuodira muli patali, munene kuti ndinu yani. Galimoto yanu muisiye kumsewu.