Getsemane wa m'magwafa

Dzulo ku Woolwich, kutsidya kwa nyanja, abusa amafotokoza kuti dzina loti Getsemane Agiriki anachita kubwereka kwa Aheberi. Ine ndinangomva fungo la magwafa owola.

Pafamu pomwe ndinakulira ku Zimbabwe, Getsemane ndinkamudziwa: anali magwafa a kuseri kwa tchalitchi. Lachisanu Loyera lililonse, m'sewero la Pasaka, bambo anga ankafunda nsalu yoyera n'kugwada pamenepo, asilikali a zisoti zamakatoni n'kuwagwira. Bambo ankagona kwa akatekisiti mpaka Pasaka.

Chaka china ndinaluma msilikali pamwendo.

"Iwe, ndine malume ako!" anakuwa.

Mayi anandikoka. "Usavutike, bambo ako abwera Lamulungu."

Ankabweradi. N'chifukwa chake atamwalira zenizeni, ine ndidakali mwana, pamaliro sindinalire. Ndinalira Lolemba.