Lamba wa a Soketi

Zaka makumi awiri ndi zitatu a Soketi akuyenda ndi lamba wa zida m'chiuno, ndipo anthu ankayamba kuwamva asanawaone. Pulayala, masikuludiraiva asanu ndi awiri, hamala, masipanala, mpeni, tepi, zonse zinkalira ngwelengwele akamadutsa pamsika. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Munthu akazimitsidwa ndi magetsi ankangoti itanani a Soketi, basi.

Vuto linayambira mwendo wakumanja. Unkachita dzanzi iwo ali pamwamba pa makwerero, mpaka osamvanso pomwe aponda. Adokotala ananyamula lambayo ndi manja awiri, napukusa mutu. Anati katunduyo akufinya mtsempha wa m'chiuno, ndiye asankhe chimodzi, kuvula lamba kapena kusiya kukwera. Wamagetsi wosakwera makwerero ndi wogulitsa mababu chabe, ndipo a Soketi anachita mantha ngakhale sanauze munthu.

Anayamba ndi chikwama cha m'manja. Zida zonse zinalowamo, inde, koma makwerero amafuna manja awiri, choncho chikwamacho chinkatsala pansi. Pokonza nyale imodzi yokha mu sitolo ya nsalu anatsika kasanu ndi kanayi, mwini sitoloyo mpaka kufunsa ngati abwera kudzalimbitsa thupi.

Alamu awo, omwe sasowa nzeru pa ntchito za eni, anawabweretsera chikwama cha kumsana cha matumba ambirimbiri. Panjinga yamoto chinali bwino zedi. Koma tsiku lina m'siling'i mwa nyumba ina, atagwada pa mitanda thukuta lili kamukamu, anafuna tesita, kachida koyesera ngati mu waya muli magetsi. Dzanja linapita lokha m'chiuno monga mwa masiku onse, n'kupeza thalauza. Chikwama anali atachivula pakhomo pa siling'ipo. Ulesi unawanong'oneza kuti magetsi anazimitsa kale pabokosi, angogwira. Zala zitatsala pang'ono kufika pa waya, anadziletsa, nakwawa kukatenga tesita. Ataigunditsa, kanyale kake kanayaka psuu. Wayayo ankachokera ku bokosi lina la kuseri.

Kunyumba anakhuthulira zida za m'chikwama patebulo, pambali pa lamba wakale uja. Akazi awo anakhala moyang'anana nawo, n'kumatola chida chimodzichimodzi, kufunsa kuti anachigwiritsa liti ali pamakwerero. Hamala? Chaka chatha. Sipanala yaikulu? Sanakumbuke. M'kathumba kena ka lambayo munatuluka misomali yadzimbiri yodzaza dzanja.

"Bambo, inu simunkanyamula zida ayi," anatero mayiwo. "Munkanyamula ulemu, kuti anthu azimva kuti mukubwera."

Zinawawa, poti zinali zoona. Patebulopo panatsala zinthu zinayi zokha: tesita, pulayala, sikuludiraiva imodzi ndi tepi.

M'mawa mwake anapita kwa wosoka nsapato wa pakona, namuuza adule lambayo, asiye kathumba kamodzi kopepuka, kotsamira pomwe dzanja linazolowera. Wosokayo anachita kufunsa kawiri asanalowetse mpeni pachikopa chokongola chonchija. Zida zina zonse zinalowa m'chikwama cha kumsana, choti chizifika nawo pantchito n'kudikira pansi. Cha m'manja chija chinasanduka mosungira mawaya otsala.

Ntchito yoyamba inali pa sukulu ya mkaka, mafani asanu ndi limodzi a kudenga. Aphunzitsi aakulu anayang'ana kathumbako mokayika, nafunsa ngati zida zawo ndi zomwezo.

"Mayi, mukufuna mphepo kapena mukufuna kumva zitsulo zikulira?" anayankha a Soketi, phazi lili kale pamakwerero.

Anagwira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, dzanja likupeza chida chilichonse osayang'ana. Fani yomaliza itayamba kuzungulira anatsika pang'onopang'ono, naima pansi kudikira dzanzi lija. Anadikira ndithu, kenako anaponda mwamphamvu ndi mwendo wakumanja, kawiri. Aphunzitsi anafunsa ngati pali chavuta.

"Palibe, mayi," anatero mwachimwemwe. "Ndikumva zala zanga zonse zisanu."