Galimoto ya Ababa Ndinaiona ku Nkando

Inu owerenga, ine ndine mtsikana wa Folomu 3, ndipo si ine munthu wolankhulalankhula. M'kalasi aphunzitsi akandiloza ndimayamba ndayang'ana pansi. Koma tsiku lina ndinatsegula pakamwa, ndipo ndinatsegulira munthu wosayenera. Chifukwa cha zimenezo, lero ababa sagonanso pakhomo pathu. Ndalemba izi kuti mnzanga wina wamanyazi ngati ine asadzachite zomwe ndinachitazi.

Kwathu ndi kufupi ndi Thuchila. Timakhala kwawo kwa amayi, ndiye ababa ndi mkamwini. Nyumba yathu ili pakati pa nyumba ya amalume ndi ya amayi aakulu, akulu awo a amayi anga. Ababa amagwira ntchito ku Limbe, yoyenda m'masitolo kulemba maoda a katundu wa kampani ina. Mkati mwa sabata amagona konko m'kachipinda ka lendi, ndipo kale ankabwera Lachisanu lililonse pa galimoto yawo yoyera. Inali yakale, chitseko chakumbuyo chinali chophwanyika pang'ono, koma pamudzi ponse inali yokhayo. Inathamangitsirapo amayi oyembekezera kuchipatala, inanyamulapo akwati. Amalume akafuna kupita ku boma ankangoima pakhonde n'kunena kuti, "Alamu, mawa mafuta alimo?" Pakakhala msonkhano wa pabanja, mpando wabwino ankapatsa ababa.

Sabata ina Lachisanu ababa sanabwere. Anafika Loweruka masana, osati pa galimoto, koma pa sikuta yofiira. Ndikunena kanjinga kamoto kamatayala ang'onoang'ono kaja, kopanda magiya, komwe munthu amakhala ngati ali pa benchi ya m'tchalitchi, mapazi atawaika pamodzi kutsogolo. Anyamata a kabaza pa Thuchila anawaseka kwambiri. Wina akuti anakuwa kuti, "Bwana, galimoto mwaichapa ndi madzi otentha kodi? Yafotatu!"

Ababa anafotokoza bwinobwino. Anati m'tauni galimoto yasanduka katundu: mafuta akasowa umatha tsiku lonse pamzere, m'misewu mwadzadza, poimika ndi povuta. Anati sikuta imadutsa paliponse ndipo mafuta imangonyambita. Zinali zomveka. Chomwe sichinandimvekere n'chakuti amayi sananene kanthu. Amayi anga ndi munthu woti ngakhale mbale ikasweka amafunsa kuti yasweka bwanji. Galimoto yathunthu kuchoka, iwo n'kungopitiriza kusesa?

Ine ndili ndi chizolowezi cholemba m'kope zomwe ndaona tsikulo. Ndinayamba kale, ndili ku pulayimale, chifukwa kope silikuseka ukalakwitsa. Ndiye kuyambira nthawi imeneyo ndinayamba kuwaonetsetsa ababa.

Anasiya kubwera Lachisanu, zinangokhala za Loweruka masana. Anayamba kudzola mafuta onunkhira, iwo amene moyo wawo wonse ankangonunkhira sopo. Kale akafika ankakhala pakhonde n'kuvula nsapato, ine n'kuwabweretsera patapata. Tsopano ankalowa kuchipinda ndi nsapato zomwe, n'kutseka chitseko. Masokosi ankachapa okha. Tiyi ankakana, mandasi a amayi ankakana, ngakhale nanazi amene ankamukonda kwambiri uja ankangoti, "Idyani ana, ine ndakhuta." Ndinali nditamvapo amayi ena pachitsime akunena kuti mwamuna akayamba kukana chakudya cha pakhomo ndiye kuti akudya kwina. Foni ikalira ankapita kukayankhira pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndipo kangapo ndinapeza amayi maso ali ofiira, iwo n'kunamizira utsi.

Chilichonse mwa izi pachokha chinali chaching'ono. Koma ukamazilemba pamodzi tsiku ndi tsiku, zimayamba kugwirana manja. Ndinafika poti ababa akaseka ndinkadzifunsa kuti akusekera chiyani, akakhala chete ndinkadzifunsa kuti akuganiza za ndani.

Loweruka lina m'nyengo ya nandolo, amayi anandituma ku Nkando kukagulitsa nandolo muwisi. Kunali chiperoni, phiri silinkaoneka n'komwe. Nditamaliza ndinadzera kanjira ka kuseri kwa msika kuthawa matope. Ndipo pakhomo pa nyumba ina ya mpanda wa maluwa ndinaona galimoto yathu. Sindikanaisokoneza ndi ina, chitseko chophwanyika chija chinali pompo. Pambali pake panali sikuta yofiira.

Ndinabisala kuseri kwa mulu wa njerwa. Patapita nthawi ababa anatuluka m'nyumbamo ndi mayi wina wa magalasi, wooneka bwino ndithu. Potsika masitepe mayiyo anawagwira mkono, ndipo onse anali kuseka. Ababa anakwera sikuta, mayiyo anaima mpaka iwo atakhota. Ine ndinakwera minibasi. Nditafika kunyumba ndinawapeza ababa atakhala pakhonde, ndipo anandifunsa ngati nandolo anayenda malonda. Ndinayankha ndikuyang'ana pansi.

Inu owerenga, apa m'pamene ndikufuna mundimvetse. Sindinali mwana woipa mtima. Ndinkaopa chinthu chimodzi chokha, kuti ababa atisiya. Kuwafunsa iwo sindikanatha, mwana wamkazi angayambire pati nkhani yotere ndi bambo ake? Kuuza amayi ndinaona ngati ndiwabaya ndi mpeni, poti anali kale ndi maso ofiira. Ndinaganiza kuti ndipeze munthu wamkulu woti alankhule ndi ababa mwakachetechete, awabweze asanapite kutali. Ndinasankha amayi aakulu.

Ndinawauza tikusenda chinangwa kuseri kwa khitchini yawo. Ndinawapempha kuti asauze wina aliyense. Iwo anaika mpeni pansi n'kuwomba m'manja kamodzi. "Mwanawe, wachita bwino. Ine ndinaona kalekale, munthu wamkulu ngati uja angasiye galimoto n'kukwera chidole popanda chifukwa?" Mmene ankalankhulira ndinaona kuti sanali achisoni. Anali ngati munthu amene wapatsidwa ndiwo zomwe ankazilakalaka. Ndinafuna kubweza mawu anga, koma anali atatuluka kale.

Dzuwa lisanalowe amalume anali atamva. Loweruka lotsatira ababa atangofika anauzidwa kuti mawa tikaweruka ku tchalitchi kuli nkhani.

Tinakumana pabwalo la amalume. Panali ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi achibale ena amene sanaitanidwe koma anabwera. Mipando inali itatha, ndipo palibe anaimirira kuti awapatse ababa. Anakhala pa njerwa. Ine anandiika pamphasa pafupi ndi amayi aakulu, ndipo anandiuza kuti ndinene zomwe ndinaona. Ndinanena, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Sindinawayang'ane ababa, koma ndinkamva kuti iwo akundiyang'ana.

Amalume anayamba. "Alamu, galimoto mwakamangira banja ku Nkando, ife kuno mwatibweretsera choseweretsa ana. Mwationa ngati ndife opusa eti?"

Amayi aakulu anawonjezera kuti mkamwini akakhuta amaiwala kuti dothi lomwe waponda lili ndi eni ake.

Amayi anga anayesa kulankhula. "Achimwene, nkhaniyi ine ndikuidziwa, si mmene..."

"Khala chete iwe! Unadyetsedwa chiyani kuti uzimuikira kumbuyo?"

Ndinaona amayi akuyang'ana ababa ngati akupempha chilolezo, ndipo ababa anapukusa mutu. Zimenezo zinawakwiyitsa kwambiri amalume. Anati ngati palibe choyankha, ababa alongedze zawo tsiku lomwelo, akakhale komwe kuli galimoto.

Ababa anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato yakumanzere. Anavula nsapato, anavula sokosi, n'kuyamba kutambasula bandeji. Fungo linatifika tonse. Chala chachikulu panalibe, ndipo pansi pa phazi panali bala lomwe sindingathe kulifotokoza. Mayi wina anatembenuka n'kuphimba kumaso ndi chitenje.

Anafotokoza motsitsa mawu, ngati akuwerenga maoda a kuntchito. Anati anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo bala la kuphazi linakana kupola mpaka anawadula chala. Galimoto yathu inali ya magiya, ndipo m'misewu yothithikana ya m'tauni phazi lakumanzere limaponda kilatchi kosalekeza. Bala linkatseguka tsiku lililonse. Sikuta siifuna phazi, zonse zili m'manja. Mayi wa ku Nkando uja ndi namwino wa ku Limbe, ndipo sikutayo inali yake. Anasinthana, iye n'kuwonjezera ndalama zomwe zinapita ku mankhwala. Kwawo ndi ku Nkando, ndiye Loweruka lililonse ankawatsuka bala m'nyumba ya makolo ake kuti afike kwathu ali bwino. Amayi ankadziwa zonse, koma ababa anawalumbiritsa kuti asauze munthu.

Nkhoswe ya kwa ababa inafunsa kuti nanga ankabisiranji. Ababa anayang'ana amalume n'kunena kuti, "Alamu, mkamwini wopanda galimoto mwaona mmene mwamuchitira lero. Nanga wopanda phazi mukanamutani?"

Amalume anayamba kukanda m'mutu. Amayi aakulu anati, "Ife tinangomva kwa mwanayu," ndipo maso onse anabwera kwa ine. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Amayi anagwada pamaso pa anthu onsewo n'kuwamanganso ababa bandeji, n'kuwaveka nsapato.

Masana omwewo ababa anamangirira chikwama kumbuyo kwa sikuta. Amalume anatuma munthu kudzanena kuti nkhani yatha, asapite. Ababa anayankha mwaulemu kuti amva, koma sangagonenso pamalo pomwe anavulira bala lawo pagulu. Asananyamuke anandiitana. Ndinagwada chapatali ndikulira, ndikuyembekezera kuti andikalipira. Sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, ukanandifunsa ine. Ndikanachita manyazi, koma ndikanachita kwa iwe wekha."

Kuchokera tsiku limenelo sanabwerenso. Banja silinathe ayi, amayi ndi amene amakwera minibasi kupita ku Limbe. Fizi yanga amalipira, ndipo pafoni amandifunsa za masamu ngati kale. Amalume anatumiza nkhuku yopepesera, ababa anailandira n'kuthokoza, koma kubwera osabwera. Amayi aakulu masiku ano amandilambalala ngati ndine amene ndinawanamiza. Amayi anga sanandinenepo mawu oipa, ndipo nthawi zina ndimaona kuti bwenzi zili bwino akanandikalipira. Chomwe ndinkaopa chija, kuti ababa achoka pakhomo, chinachitikadi. Sanawachotse ndi mayi wa ku Nkando. Ndinawachotsa ndine, pofuna kuwasunga.

Inu atsikana anzanga, makamaka inu ofatsa amene mumaona zambiri koma osalankhula, samalani. Maso amaona zoona, koma mutu umatha kuzilumikiza molakwika. Zonse zomwe ndinaona zinachitikadi, palibe chomwe ndinapeka, komabe nkhani yomwe ndinapanga inali yabodza. Ngati chinthu chikukuvutani pa munthu amene mumamukonda, limbani mtima mumufunse mwini wake, ngakhale mawu atuluke monjenjemera. Ngati simungathe, muonetsetse munthu amene mukukamuuzayo. Dzifunseni ngati amamukonda amene mukumunenayo. Ine ndinangoona kuti ndi wamkulu, sindinaganize kuti mwina anali ndi zake mumtima.

Nanunso makolo, ndikupempheni mwaulemu. Ana timaona. Mukasintha chinthu chachikulu pakhomo n'kutipatsa chifukwa chatheka, theka linalo timadzazamo tokha, ndipo timadzazamo zoopsa. Matenda si chinthu chochititsa manyazi kwa mwana wanu. Ine ndikanadziwa, bwenzi ndikuwatenthetsera ababa madzi otsukira bala.

Loweruka likubwerali amayi anena kuti ndiwaperekeze ku Limbe. Pali funso lomwe landikhala pakhosi miyezi yonseyi, loti kodi ababa adzabweranso kunyumba. Sindinafunse amayi, sindinafunse wina aliyense. Ndikawafunsa eni ake, ndipo chilichonse chomwe akayankhe ndikachimva ndikuwayang'ana kumaso.