Mapiritsi M'chitini cha Mabatani

Bambo anga anali telala, ndipo sankakhulupirira muyeso woyezedwa ndi munthu wina. Kasitomala akabwera ndi manambala ake papepala, iwo ankangoti, "Imani apa," n'kutulutsa tepi yawo.

Ndiye a zaumoyo atamanga tenti pafupi ndi shopu, n'kumayeza anthu ulere kuthamanga kwa magazi, bambo anawayang'ana ndi diso la nkhwezule.

"Zaulerezi akufuna chiyani? Amenewa ndi matenda a mabwana a mimba zawo, osati ine wopalasa makina tsiku lonse."

Ndinawakokera komweko ine mwana wawo wamkazi, chifukwa matendawa anali atatitengera kale agogo ndi bambo aang'ono. Nesi anayeza kawiri, nambala osatsika. Anawapatsa mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse, ndipo anati azibwera kuchipatala mwezi ndi mwezi.

Mwezi wotsatira nambala inali bwino, winawo chimodzimodzi. Nesi mpaka ankauza azibambo ena pamzere kuti atengere chitsanzo kwa atelala. Ine mtima sunakhazikike. Bambo anga kumvera munthu chonchi, osawiringula? Tsiku lina ndikusesa m'shopu ndinatsegula chitini cha mabatani, ndipo ndinapeza mapiritsi ali mbwee.

"Bambo, izi n'chiyani?"

"Wayamba upolisi liti?" Anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Ndimamwa masiku anayi okha ndisanapite kokayezetsa, nambala n'kutsika. Akufuna ndikhale kapolo wa mankhwala mpaka kumanda. Makina awo ndi opusa, mwananga. Usakauze nesi wakoyo."

Ndinakwiya, ndinawachonderera, iwo n'kumangodula nsalu. Koma kwa nesi sindinapite. Ndinkaona ngati kukaneneza bambo wondibala n'kuwavula pagulu, ndipo ndinadzinamiza kuti ndiwakonza ndekha pang'onopang'ono.

M'mawa wina akudula suti ya mkwati, sizasi inagwa pansi. Anawerama kuti atole, dzanja lamanja linakana. Pofika kuchipatala, pakamwa panali patapindika.

Nesi uja anabwera kuwodi ndi kabuku kawo, akutembenuza masamba modabwa.

"Koma manambala onsewa ndi abwino. Mankhwala amamwa tsiku lililonse, eti?"

Ankafunsa ine, chifukwa bambo sankathanso kuyankhula. Iwo anandiyang'ana ali pabedipo, dzanja lodulira nsalu litalobodoka pabulangete.

"Ayi, samamwa," ndinatero. "Ndakhala ndikudziwa kwa miyezi itatu."