Digiri yanga inaswa mpunga wa ku Bwanje

Inu owerenga, ine ndinamaliza maphunziro a zaulimi ku yunivesite ndi digiri yonyaditsa, koma chaka changa choyamba pantchito ndinawononga mpunga wa anthu chifukwa cha matama. Lero ndimaseka ndikamaifotokoza nkhaniyi poti inandithera bwino, koma panthawiyo sinali yosekera. Ndailemba kuti wina amene ali pasukulu asagwe m'mbuna yomwe ndinagwamo ine.

Kwathu ndi ku Tsangano, kumtunda kozizira, komwe bambo anga akhala akulima kachewere ndi chimanga chibadwire changa. M'banja mwathu ndine woyamba kuponda ku koleji, wamkazinso. Bambo ankakonda kundiuza kuti ndilimbikire sukulu kuti ndidzathawe khasu, ndipo mawu amenewa ndinawamva mopyola muyezo. Ndikabwera kutchuthi n'kuwapeza akutikita khungu la kachewere ndi chala pofuna kudziwa ngati wakhwima, ndinkaona ngati n'zachikale. Mumtima ndinkati masiku ake analembedwa kale m'buku, bwanji osangowerenga pakalendala?

Ku koleji mayeso ndinkawamwa ngati madzi. Chaka chachitatu anatitumiza kumakampani kwa miyezi itatu kuti tikaphunzire ntchito pamalo pake, zomwe tinkangoti atachimenti. Ine ndinagwera kukampani ina yogula mbewu mumzinda. Tsiku loyamba atandionetsa nyumba zosungira mbewu, fumbi lili koboo, anthu ali mbuu ngati achokera kuchigayo, mtima unakana. Ndinakauza abwana kuti ndimadziwa kutayipa mwachangu, iwo n'kukondwa poti apeza kalaliki waulere. Miyezi yonse itatu ndinaithera pampando, pansi pa fani. Kabuku kosonyeza ntchito zomwe ndaphunzira anangokasaina osakawerenga. Aphunzitsi athu anabwera kamodzi, anandipeza pakompyuta nditatchena, n'kubwerera okhutira. Anzanga atabwerako atada ndi dzuwa, m'manja muli matuza, ndinkawaseka kuti anapita kuganyu.

Nditamaliza ndinakhala pakhomo chaka ndi miyezi, makalata ofunsira ntchito akungopita osabwerera. Kenaka mwayi unapezeka ku Bwanje, pakampani yaing'ono ya mayi ena omwe amagula mpunga kumakalabu a alimi, kuugaya n'kukaugulitsa m'masitolo. Anandilemba kuti ndiziona ubwino wa mpunga kuyambira pogula mpaka polonga m'mapaketi. Ndinatsika kuchigwa ndi nsapato zazitali komanso majuzi awiri omwe sindinawavalepo ngakhale tsiku limodzi, poti kumeneko n'kotentha.

Pachigayopo panali bambo ena achikulire, a Ndau, omwe ankayendetsa makina. Sukulu analekera ku pulayimale, koma mpunga anakalamba nawo. Kayanikidwe kawo kankandinyansa ndi kuchedwa. Ankadikira mame akamuke, kenaka n'kuuyala mpunga mochindikala pabwalo la simenti, n'kumauvundula ndi mapazi pafupipafupi. Dzuwa likafika paliwombo ankauunjika n'kuufunditsa matenti, madzulo n'kuulowetsa m'nyumba. Ntchitoyi inkatenga masiku atatu kapena anayi. Pofuna kudziwa ngati wauma, ankangotapa njere zingapo n'kuluma. Ine, munthu wa zaka zinayi za ku yunivesite, ndinkayang'ana kumbali ndi manyazi.

Mwezi wanga wachiwiri, sitolo ina yaikulu ya ku Lilongwe inaitanitsa mpunga woyeserera. Inkafuna wa njere zathunthu, ndipo inati ikakhutira idzigula kwa ife chaka ndi chaka. Abwana anali atawauza kale amayi a m'makalabu za msika umenewu, ndipo chigwa chonse chinkayembekezera. Sabata yomweyo abwanawo anaitanidwa kumaliro ku Kasinje, n'kundisiyira ine zonse. Ndinaona kuti nthawi yoonetsa digiri yakwana.

Nambala ya chinyontho choyenera ndinkaidziwa pamtima, koma kamakina koyezera panalibe, ndipo ngakhale ku koleji ndinangokaonera patali kali m'manja mwa aphunzitsi. Ndinangoganiza kuti kuuma n'kuuma basi. Ndinalamula kuti mpunga uyalidwe mopyapyala, ukhale padzuwa tsiku lonse, ndipo usalowetsedwe madzulo kuti tisataye nthawi ndi kunyamulanyamula. A Ndau anandiitanira pambali kuti antchito ena asamve.

"Madamu, dzuwa la kuno si la ku Tsangano. Mpunga ukauma mothamanga umang'aluka m'kati, ndiye ukagonanso pamame, basi mwautaya."

Ndinawayankha kuti zimenezi ndinaziphunzira kusukulu, osati pabwalo. Iwo anangovula chipewa, kukanda m'mutu, n'kunena kuti chabwino. Paja amati safunsa anadya phula, koma ine ndinaposa pamenepo, chifukwa ndinauzidwa osafunsa n'kukanabe.

Patatha masiku awiri tinayamba kugaya. Mpunga uli m'mankhusu unkaoneka bwinobwino, moti ndinaima pafupi ndi makina manja ali m'chiuno. Zomwe zinatuluka zinali ngati misere. Njere yathunthu unkachita kuifunafuna. A Ndau anazimitsa makina atagaya matumba awiri, n'kuyesa a mbali ina, koma zinali chimodzimodzi. Mpungawo unali utasweka kale pabwalo paja, chigayo chinangoulula.

Sitolo ija inakana, msika n'kupita kwa ena. Chomwe chinandipweteka koposa n'kukumana ndi amayi a m'makalabu pamsewu, ali panjinga zawo, akundipatsabe moni mwaulemu chonsecho akudziwa zomwe ndachita. Abwana atabwerako sanakalipe. Anatapa mpunga uja, kuuyang'ana, kenaka n'kundiyang'ana ine.

"Pepala lanu ndi labwino, mwanawe, koma chigayo sichiwerenga Chingelezi. Sankhani: mulongedze, kapena muvale ovololo miyezi itatu, abwana anu akhale a Ndau."

Ndinapempha kuti ndikaganize kumudzi. Kunena zoona, ndinapita ndi maganizo osabwereranso, poti ndinkati kuvala ovololo n'kuichotsa ulemu digiri. Ndinawapeza bambo kumunda akukumba kachewere ndipo ndinawafotokozera zonse misozi ili chuchuchu. Iwo anatola kachewere mmodzi, kumutikita ndi chala, n'kundipatsira kuti nanenso nditikite. Anati iwo ankafuna ndithawe umphawi wa khasu, osati nzeru zake, ndipo ngati anandisokoneza ndiwakhululukire. Lolemba m'mawa ndinali pabwalo la simenti, nsapato zili pambali.

Inu owerenga, miyezi itatu imeneyo ndiyo inali atachimenti yanga yeniyeni. A Ndau sanandikumbutsepo mawu anga achipongwe aja. Anandiphunzitsa kuvundula mpunga ndi mapazi, kumva ndi kuphazi ngati simenti yatentha kwambiri, komanso kuluma njere. Yanyontho imaphwanyika mwaulesi n'kumata m'mano, youma bwino imaduka pakati ndi kaphokoso, yopsa ndi dzuwa imangoyoyoka. Sabata yoyamba mapazi anatupa, ndipo iwo ankandiseka kuti ndikuvina ngoma ya kwathu pampunga.

Tsiku lina ndinatsegula makope anga a ku koleji, ndipo zomwe ndinapeza zinandichititsa manyazi kuposa zonse. Nkhani ya kung'aluka kwa mpunga wouma mothamanga n'kunyowanso inalimo, yolembedwa ndi dzanja langa, nditaidula mzere kunsi. Ndinailoweza, kuiyankha pamayeso, n'kukhoza. Koma poti ndinali ndisanagwirepo mpunga wa m'mankhusu, tsiku lomwe inandiyimira pamaso sindinaizindikire. Sukulu sinandinamize, kungoti ine ndi iyo tinagwirizana zothera papepala.

Kuyambira pamenepo buku ndi bwalo zinayamba kuthandizana. Ndinawalimbikitsa abwana kugula kamakina koyezera chinyontho, ndipo titayesa tinapeza kuti mano a a Ndau ndi kamakinako zikunena zofanana. Iwo anayenda monyada sabata yathunthu. Ndinalemba kayanikidwe kawo m'Chichewa chosavuta n'kukaphunzitsa m'makalabu onse. Chaka chotsatira sitolo ija inavomera kutiyesanso, ndipo mpaka lero ikugula kwa ife.

Pano ndakhazikika ku Bwanje, ndili pabanja, ndipo kutentha ndinakuzolowera. Ophunzira a atachimenti tsopano amafikira m'manja mwanga. Poyamba koleji ina inkawatumiza m'miyezi yadzinja, chigayo chitaima, ana n'kumangosewera ndi mafoni pansi pa mtengo. Ndinawalembera aphunzitsi awo kuti ngati akufuna ana adziwe mpunga, aziwatumiza nthawi yokolola, ndiponso iwo eni azibwera kudzatifunsa zomwe timafuna kwa munthu tisanamulembe ntchito. Anamva, ndipo chaka chatha mphunzitsi wina anakhala nafe masiku atatu akulemba zonena a Ndau.

Ndiye inu amene muli pasukulu, musathawe fumbi la ntchito yomwe mukuphunzira, chifukwa lidzakupezani muli nokha, anthu akuyang'ana kwa inu. Inu aphunzitsi, musakhutire ndi siginecha, muziona m'manja mwa mwanayo. Nanunso a makampani, mwana wa eni akabwera kudzaphunzira musamusandutse wofulula tiyi kenaka n'kumadandaula kuti omaliza sukulu sadziwa kanthu.

Mu ofesi mwanga digiri ija ili pakhoma, ndipo pansi pake pali botolo la mpunga woswekasweka uja. Mwezi wathawu kunabwera mtsikana wina wa atachimenti wovala bwino, n'kundinong'oneza kuti iye amadziwa kutayipa mwachangu. Ndinamuonetsa botololo, ndinamuuza kuti amayi a chigwa chino anataya msika wa chaka chathunthu chifukwa cha munthu wina wodziwa kutayipa. Kenaka ndinamutapira njere za m'mankhusu m'dzanja n'kumuuza kuti avule nsapato, a Ndau akudikira pabwalo.