Chinjoka Chondikweza Basi

Dzulo mwana wanga anatsegula paketi ya makhadi a masewera, ndipo kafungo ka inki yatsopano kanandibwezera ku ubwana.

Titangofika kunja kwa dziko, mumzinda wa Hull, komwe amayi ankagwira ntchito ya unamwino, Chingerezi sindinkachimva. Mnzanga wa m'kalasi anandipatsa khadi lonyezimira la chinjoka chamapiko, cholavula moto. Poona kuti amayi amaonetsa khadi pokwera basi, nanenso ndinaonetsa langa. Dalaivala analiyang'anitsitsa, n'kundiweramira mwaulemu, ine n'kudutsa. Zinkatero m'mawa uliwonse.

Tsiku lina mnyamata wamkulu wotolera makhadi anandiyalira mulu wonse kuti tisinthane ndi langalo. Munali afiti ovala mikanjo, malupanga, zimphona. Mtima unadyokoka, koma ndinakana.

"Ndikanamupatsa, ndikanamakwera bwanji basi?" ndinawafunsa amayi madzulo. "Mukanamandisiya pasiteji?"

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Wachita bwino, mwananga. Chinjoka chako usachitaye."

Ndinazindikira nditakula kuti tikiti ya amayi inali ya tonse awiri, ndipo kuti iwo ndi dalaivala uja, osapangana n'komwe, anandisungira chinsinsi kuti kamwana kachilendo kaziyenda monyada.