Mapiritsi Opanda Fungo

Kukangocha, mayi Amelia Jailosi, namwino wa pachipatala china ku Mwanza, amayamba apemphera asanazungulire odwala. Anyamata obwera akubwebweta amawadziwa ndi mphuno: uyu ndi kachasu, uyu chamba. Koma mapiritsi atsopano ozunguza bongo olowera pabodawa alibe fungo.

Tsiku limene anyamata a kabaza anabweretsa kunyumba Trust, mwana wa mayi Jailosi, akunjenjemera, mayiwo anamununkhiza m'kamwa, mtima n'kukhala pansi. Anati ndi malungo chabe, n'kumugoneka. Dzuwa silinalowe ali moyo.

Mpaka lero mayiwo akudikirabe chimene anawapempha anyamata aja pamaliro, atawagwadira onse atazolika mitu.

"Ana anga, za kupolisi ine ayi. Mungondibweretsera piritsi limodzi lokha, adokotala alione, tidziwe chimene chikukuthani."